Mitengo imene ndinaisankha pa foni

Zaka zisanu ndakhala ndikuyendetsa galimoto ya hotela ina ku Al Dafna, kuno kudziko la Aluya, ndipo ntchito yanga yaikulu ndi kutengera alendo kuchipululu. Anthu olemera ali ndi zawo. Munthu amasiya chipinda chozizira bwino n'kulipira kuti akagone m'tenti pamchenga, m'mawa n'kukwera hatchi yotopa kale ndi dzuwa. Ine ndinkadikira m'galimoto mtima ukuwawa, poti kwathu ku Dedza kuli mapiri, kamphepo kabwino ndi msipu waulere, koma palibe amene akudya nazo. Ndinalumbira kuti kontirakiti yanga ikatha sindisainanso ina. Ndigula malo atchire, ndiikepo matenti ndi mahatchi awiri, ndibwerere kwathu.

Vuto linali kusankha malowo. Miyendo yanga kumudzi anali achemwali anga aakulu, ndipo kwa iwo malo abwino ndi olimapo chimanga, basi. Ndikawatuma ankanditumizira vidiyo ya munda wa zitsa zokhazokha. Ndikati ndikufuna mitengo, ankapita kudambo. Ndikati hatchi ingatitimire m'matope amenewo, ankandifunsa ngati hatchiyo imalima. Tinakokanakokana miyezi itatu, mpaka zinandifika m'khosi.

Ndiye ndinati ndisankha ndekha. Lachisanu lina, tsiku lopuma, ndinakhala pabedi m'chipinda chathu ku Al Asmakh n'kutsegula mapu a pa foni, aja oonetsa dziko ngati uli m'ndege. Ndinayendetsa chala mpaka kufupi ndi mudzi wa malemu bambo, kumene ndinapondako kamodzi kokha ndili wamng'ono, popeza ife tinakulira kwa amayi. Paliponse panali pofiira, minda yokhayokha. Kenaka ndinaona kamalo kobiriwira, mitengo yothithikana, kanjira kakulowa mkati, msewu uli pafupi.

Ndinaonetsa akulu ena a ku Mangochi amene timagona nawo chipinda chimodzi, omwe amagwira ntchito yaulonda.

“Madala, taonani puleyisi iyi. Shedi ilipo, rodi ili pompo. Khalasi, zatha basi, ndapeza!”

Anayang'anitsitsa foniyo. “Wallahi, ndi pabwino. Koma mmene anthu akuotchera makala kumudziku, ndani wasiya mitengo yonseyi? Uyambe wafunsa, mwana wanga.”

Ndinangoti nkhalamba zimakonda kugwetsa anthu mphwayi. Ndinatumiza malowo kwa achemwali, n'kuwauza kuti kanjirako ndi kodutsa mahatchi. Ndinaonjezapo mawu okalipa, kuti apite akafunse mwini wake, ndipo asanditumizirenso zitsa.

Patapita masiku anayi anandiimbira pa vidiyo. Anali masana, ndili m'galimoto kuchipululu kudikira alendo. Ngakhale moni sanapereke.

“Achimwene, ndafika pamalo anu aja. Mkati sindilowa, muno munthu salowa chisawawa.”

Anatembenuza foni. Mitengo inalidi yokongola, ikuluikulu, mthunzi wake wabwino. Pansi pake panali mitumbira ndi mitanda.

“Ndi kumanda kuno. Mwakhalitsa kwa Aluyako mpaka kuiwala kuti mitengo imene nkhwangwa imaiopa ndi ya kumanda?”

Manyazi anandigwira, ndipo monga mwa khalidwe langa ndinawasandutsa mkwiyo. Ndinakuwa kuti ndikanadziwa bwanji, mapu salemba zimenezo.

Achemwali anandiyankha. “Mukanabwera pamaliro a bambo, bwenzi mukupadziwa. Agona kumanzere kwa kanjira kamene mumati mahatchi anu azidutsa.”

Bambo anamwalira m'chaka changa chachiwiri kuno. Ndinaopa kuti ndikapempha tchuthi ntchito itha, choncho ndinangolira pa foni, mawa lake n'kupita kukanyamula alendo. Sindinafunsepo n'komwe kuti anawaika pati.

Alendo anali akubwerera pamahatchi awo, akundibayibitsa. Ndinapukuta m'maso, n'kutsika kukawatsegulira zitseko.

Malo sindinagule, ndipo kontirakiti ija ndinasainanso, ndikutukwana chamumtima. Koma tchuthi cha chaka chino ndapempha kale. Ndikupita kukaona malo amene ndinasankha aja, poti m'Malawi monse muja chala changa chinakaima pamene pagona bambo.