Mmene Alamu Anatiwerengera Pepala la Kuchipatala

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anagwirako ntchito miyezi yochepa panyumba ya mmwenye wina ku Limbe, yotsuka mbale ndi kusenda anyezi. Atabwerako anatiuza kuti anali khukhi. Kuyambira pamenepo Chinyanja chinayamba kuwanunkha. Munthu wake anali mkamwini kwathu ku Nchema, munda umene ankalima unali wa amayi anga, koma akakhala pampando wa ndalema pakhonde paja mukanati kwafika a boma.

Nthawi ya chakudya ndiye inali sukulu. Akalawa nandolo ankatsinzina n'kunena kuti, "Dilishasi." Ndimu ankati "sawa," mapiritsi a malungo "bita," nzimbe "swiiti." Akatero ankatiloza ndi supuni kuti tibwereze. Ankadyera supuni ngakhale makaka. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 5, ndipo ndisaname, mawuwo ndinkawakonda, moti popita kudimba ndinkawatchula chamumtima. Chimene chinkandinyansa ndi mphunzitsi wakeyo. Tsiku lina ndinawafunsa kuti mchere ukakolera bwinobwino m'ndiwo, osachepa komanso osawawa, Azungu amati chiyani. Anayang'ana kudenga, anatafuna, anameza.

"Mlamu, zimenezo ndi za Fomu 4," anatero. "Yambani mwagwira zapansizi."

Chaka chomwecho amayi anayamba kudandaula mutu ndi chizungulire, mpaka anagwa kawiri m'munda. Achemwali anapita nawo kuchipatala pa kabaza, ndipo anabwerako ndi mapiritsi ndi pepala lopinda katatu, lokhala ndi chithunzi cha mtima. Matenda anali a kuthamanga kwa magazi, aja timangoti bipi. Anesi anawalangiza ndithu, koma amayi makutu anali atayamba kale kuvuta, ndipo achemwali pa nthawiyo anali panja pa mpanda kugula zitumbuwa. Pepalalo linali la Chingerezi chokhachokha.

Alamu anaona kuti tsiku lawo lakwana. Anakasamba kaye, n'kuvala magalasi akuda amene anagula pamsika wa Mbulumbuzi. Amayi, poti ndi apongozi, anakhala pamkeka chapatali atatembenukira kumbali. Alamu anayamba kuwerenga mokweza, chala chikukwawa papepala ngati nkhono. Atafika pa mawu akuti "low sodium" anaima n'kugwedeza mutu.

"Nkhani yonse yagona apa," anauza achemwali. "Sodiyamu. Ameneyu ndi soda. Azungu amangoikako mchira kuti mawu amveke aulemu. Uwauze amayi kuti za soda aiwale."

"Nanga mchere, alamu?" ndinafunsa ine. "Azimayi a bipi kutchalitchi kuja amati anawaletsa mchere."

"Mchere ndi solti. Mukumuona solti apa?" Anandigwedezera pepalalo pamphuno. "Werengani nokha, poti mwayamba udokotala."

Ndinayang'ana mizere ija, osatolapo kanthu. Nkhani ya mchere ndinaisiyira pomwepo, ndipo mpaka lero ndimadzida chifukwa cha zimenezo.

Basi therere linatha pakhomo. Amayi ankalikonda kuposa nyama, koma popanda soda kapena chidulo silikanatheka. M'malo mwake alamu analamula matemba ouma, aja okhala mbuu ndi mchere, ndi timakyubu tothira mumsuzi timene ankati n'timene amadya anthu ophunzira. Amayi, pakamwa pali zii chifukwa chosowa therere lawo, ankadziwonjezera mchere m'mbale ndi zala zitatu. Alamu ankaona zimenezo n'kumavomereza ndi mutu ngati mwini chipatala.

Panapita miyezi iwiri. Mapazi a amayi anatupa, mutu osaleka. M'mawa wina anakanika kunyamula kapu, akuti dzanja lamanzere lachita dzanzi. Ulendo uno ndinawaperekeza ndekha kuchipatala, pepala lija nditalipisa m'chikwama osapempha mwini Chingerezi.

Anesi, mayi wonenepa wolankhula mwachangu, atawayeza anandiyang'ana ine.

"Mcherewu mukuwapatsabe?"

"Eya. Tinawaletsa soda."

"Soda? Anakuuzani ndani?"

Ndinatulutsa pepala n'kufotokoza zonse, za mchira womwe. Anesi anayamba kuseka, koma atayang'ana dzanja la amayi kuseka kunathera panjira. Anatembenuza pepalalo. Kuseri kwake kunali chithunzi cha supuni yodzaza mchere, atachidula ndi mzere wofiira, pansi pake mawu akuti "salt" a zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale ine ndinaziwerenga. Alamu sanatembenuze n'komwe.

"Sodiyamu ali mumchere, ali m'timakyubu tanuto, ali m'nsomba zothira mchere," anatero anesi. "Mu soda alimonso, inde. Koma alamu anuwo anatseka zenera, chitseko n'kuchisiya pululu."

Anatenga cholembera n'kundilembera kuchikuto kwa buku la amayi lakuchipatala mawu atatu: "salt," "sodium" ndi "less," lililonse ndi tanthauzo lake m'Chinyanja. Anandiuza kuti ndiwatchule. Ndinawatchula katatu, iwo akundikonza lilime popanda kundiloza ndi kanthu.

Titafika kunyumba ndinadikira kuti onse akhale pansi, kenako ndinaika pepalalo pamiyendo pa alamu, kuseri kuli pamwamba. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti sindinalakwe," anatero. "Mwanena nokha kuti mu soda alimo."

"Nanga supuni iyi, alamu? Nayonso ndi ya Fomu 4?"

"Chingerezi cha kuchipatala ndi cha ku Limbe n'zosiyana, mlamu. Simungazimvetse."

Achemwali ananditsina pantchafu. "Iwe, usawachititse manyazi alamu ako pa anthu."

Amayi sanatembenuke. Analankhula kwa achemwali akuyang'ana kunkhokwe, mawu ali pansipansi.

"Uwauze bambowo kuti pepala lina likadzabwera, adzakulungire fodya."

Dzanja la amayi silinabwererenso mwakale. Khasu analisiya chaka chimenecho, ndipo mbali yawo ya munda timalima ndife. Ndiwo zawo ndimaphika ndine, pakamphika kapadera, ndi tomato wambiri, nsinjiro ndi kadontho ka ndimu. Poyamba ankakankha mbale n'kumati ndikuwadyetsa madzi, koma anazolowera. Ndikalowa m'sitolo ndimatembenuza paketi iliyonse kufunafuna mawu aja, ndipo ndaphunzirapo ena ambiri ndekha, ogulitsa akundiyang'ana ngati ndikufuna kuba.

Alamu sanapepese kwa amayi, kapena kwa wina aliyense. Chaka chatha pamudzi panali msonkhano wosankha komiti ya mjigo, ndipo anthu anati mlembi akhale iwowo poti amadziwa Chingerezi. Manja anakwera bwalo lonse, la achemwali patsogolo. Ine langa linali pamwendo, likusenda nandolo.