Ndowa Zouma za Mlongo Wanga

Mwana wanga wamkazi amamata madenga. Ndikunena madenga athyathyathya aja, osanjikiza phula ndi nsalu zolimba, n'kuwaza timiyala pamwamba. Tsiku limene anasankha ntchitoyi, mlongo wanga wamkulu anaseka mpaka kutsamwa. "Achimwene, mabuku onsewa m'nyumba muno, mwana n'kukathera pa mgolo wa phula? Adzamukwatira ndani akununkha msewu?" Dzina loti Naphula analiyambitsa ndi iyeyo. Sindinaiwale, ndipo sindikufuna kuiwala.

Mwezi watha kunagwa matalala aakulu ngati mazira a nkhunda. Ife timakhala m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni, ndipo mayi a ana anga ali chigonere chithyokereni chiuno. Adokotala anati asasunthidwe. Denga likanadontha, likanadonthera pabedi pawo.

Kutacha mlongo wanga anatulukira atasenza ndowa. "Tchererani izi. Denga lomata mwana wanuyu, ndani angalikhulupirire?"

Ndinakwera padenga ndi Naphula, maondo akundilira. Bowo sindinalione. Iye anayamba wasisita malata a m'mphepete, n'kupeza mbali imene anapindika kwambiri.

"Matalala anachokera uku, bambo. Denga lotere saliboola, amalivulaza mkati ngati tomato wofinyika."

Kenako anavula nsapato. Umu ndi mmene amagwirira ntchito: amasesa timiyala, n'kuyenda chopanda nsapato pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa khanda. Pomwe chidendene chamira, amazunguliza choko. Mizere ina inali pamwamba penipeni pa bedi la mayi ake. Atamaliza anayatsa moto pansi pa mgolo wa phula.

Mitambo inali itayamba kuda. Mlongo wanga anasuzumira pakhomo la padenga.

"Iwe Naphula! Mvula ija yafika, ukujambulabe zithunzi?"

"Azakhali, pakamwa sipamata denga. Tagwirani tsacheli."

Analigwira! Mayi amene sanasesepo pakhomo panga anasesa denga langa, akung'ung'udza kuti phula limudetsera diresi. Naphula anali kudula malo ofewawo, kuumitsa, kuthira phula lotentha, kuyala nsalu, kuthiranso, mpaka choko chonse chinakwiririka. Madontho oyamba anamupeza akubwezera timiyala.

Inagwa mvula yosalekeza mpaka madzulo. Ndinakhala pambali pa bedi, maso ali kudenga, ndowa zili mbuu pansi. Mayi a Naphula anagona tulo tofa nato, bulangete lili gwa.

Mlongo wanga wabwera kale kangapo kudzaitanitsa ndowa zake. Ndakana. Ndinazisanja pakhomo, pomwe mlendo aliyense amapunthwa nazo n'kufunsa kuti n'zachiyani. Akatero ndimamukhazika pansi, n'kumufotokozera bwinobwino, kuyambira pa tsiku lija la kuseka.