Kudikira Dzuwa pa Khonde la ku Tottenham

Chimene ndimayamba kukumbukira ndi kulira kwa anamzeze. Madzulo aliwonse a chilimwe chimenecho ankabwera chigulu, akuthamangitsana pakati pa mafulati athu ku Tottenham, akukuwa ngati ana oweruka kusukulu. Ndinkawaonerera nditaima pakhonde lathu la m'mwamba, chibwano chili pachitsulo chimene chinkakhala chikadali chofunda ngakhale titadya kale chakudya chamadzulo. Pansi pankachokera fungo la udzu wongotchetcha kumene, la nyama yowotcha ya pasitolo yapakona, ndi la mabini amene dzuwa linali litawaphika tsiku lonse. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo chinali chilimwe changa choyamba ku England.

Ine ndi amayi tinafika kuno m'nyengo yozizira. Bambo anatsala ku Thyolo akudikira mapepala, ndipo mapepalawo ankadalira ntchito ya amayi panyumba ina yosamalira okalamba. Ntchito ikanatha, bambo sakanabwera, mwinanso ifeyo tikanabwerera. Zimenezi ndinkazidziwa bwino, chifukwa amayi ankazitchula m'pemphero lililonse, ngakhale lodalitsa tiyi.

Ife ndife a Sabata. Dzuwa likalowa Lachisanu mpaka litalowanso Loweruka, amayi sagwira ntchito. Kwathu zimenezi sizivuta, chifukwa dzuwa la ku Thyolo ndi laulemu: chaka chonse limalowa cha m'ma sikisi, nkhuku n'kulowa m'khola, anthu n'kutseka Sabata ndi nyimbo. Ndiye a manijala atafunsa mu Disembala ngati amayi angatenge shifiti ya usiku wa Loweruka, yoyamba eyiti koloko, amayi anailandira ndi manja awiri. Masiku amenewo kunkada folo koloko isanakwane n'komwe. Anabwera kunyumba akuseka, akuti kuno Mulungu amafupikitsa Sabata chifukwa cha kuzizira. Palibe amene anawauza kuti maola amenewo dzuwa lidzawatenganso.

Linayamba kuchedwa pang'onopang'ono, ngati mlendo amene watsanzika koma sakudzuka pampando. Mu Epulo ndi Meyi amayi ankasinthana masiku ndi anzawo, koma pofika Juni anthu anayamba kupita kutchuthi ndipo osinthana nawo anatha. Mkulu wa mpingo wathu, bambo ofatsa obadwira ku Harare koma makolo awo a ku Dedza, anawalangiza kuti kusamalira okalamba ndi ntchito yachifundo, Sabata silikana. Amayi anathokoza mwaulemu wonse. Tili m'basi pobwerera anangoti, "Chifundo chanji chobwera ndi peyisilipi?" Amayi anga ndi ouma mutu, ndipo ndikunena zimenezi mowanyadira.

Ntchito yoyang'anira dzuwa anandipatsa ine. Foni inkaonetsa nthawi yake yolowera, koma amayi ankati foni sinalionepo dzuwa. Choncho ndinkaima pakhondepo, ndipo mosadziwa ndinaphunzira ndondomeko yonse ya madzulo a ku London. Poyamba zinkadutsa zinkhwe zobiriwira, zamichira italiitali, zikukangana ulendo wa kumitengo ya kumanda. Kenako mbalame yakuda ya mlomo wachikasu inkatera pamlongoti wa wailesi yakanema n'kuyimba ngati yalipidwa. Dzuwa linkatsikira kuseri kwa chitunda cha kumadzulo, lofiira psuu, anamzeze n'kukwera m'mwamba mpaka kusanduka timadontho. Mileme inkayamba kuzungulira magetsi a mumsewu. Pomaliza penipeni, kukadali kowala moti munthu akanatha kulowetsa ulusi pasingano, nkhandwe inkatuluka pansi pa mpanda wa njanji.

Nkhandweyo ndinkaikonda kwambiri. Inali yaikazi, yowonda, yofiirira, khutu limodzi long'ambika, ndipo inkayenda pakati pa magalimoto ngati mwini malo wobwera kudzayendera nyumba zake. Amayi sankaifuna. Ataimva ikulira koyamba, kulira kwake kokhala ngati kwa munthu amene akupwetekedwa, anati ndi malodza, n'kugwada kupempherera bambo. Amene anawachotsa mantha anali Anti Patuma, a khomo loyang'anizana ndi lathu. Anaseka mpaka kugwira chitseko, n'kunena kuti nkhandwe za kuno zikanakhala zolodza, London yonse ikanatha kalekale.

Anti Patuma anali Msilamu wa ku Mangochi, wamfupi, wamawu aakulu, wokonda kuseleula. Ankagwira ntchito limodzi ndi amayi, koma iwo masana, kuyambira eyiti m'mawa mpaka eyiti madzulo. Amayi akapita ku shifiti ya usiku ndinkagona kwa Anti, pamatilesi onunkhira lubani. Juni ameneyo unali mwezi wawo wa Ramazani. Sankadya kapena kumwa ngakhale dontho kuyambira m'bandakucha, umene kuno unkafika anthu atangogona kumene, mpaka dzuwa litalowa. Akaweruka ankatenthetsa futali wa mbatata wotendera, n'kuika kapu ya madzi patebulo, n'kukhala moyang'ana pawindo manja ali pamiyendo. Ankati usiku wa kuno uli ngati chitenje choperewera, ukafunda mutu mapazi ali pamtunda.

Loweruka loyamba la Juni amayi anafika kuntchito mochedwa kwambiri. A manijala sanali munthu woipa, anali mayi wotopa chabe amene anali ndi okalamba odzaza nyumba. Anawauza kuti agogo ofuna kusinthidwa zovala sangadikire dzuwa, ndipo zikachitikanso adzafuna munthu wina. Amayi anandifotokozera zimenezi mosabisa, akundiluka tsitsi, zala zawo zikukoka kuposa masiku onse.

Sabata yonseyo nyengo inkangosinthasintha. Tsiku lina tinkapita kusukulu titavala majuzi, n'kubwerako titawamanga m'chiuno thukuta lili kamukamu. Tsiku lina kunkagwa kamvula kowaza kosanyowetsa n'komwe, agologolo otuwa n'kumakumba m'miphika ya maluwa ya anthu apansi. Koma madzulo aliwonse mitambo inkayera, dzuwa n'kukhala pamenepo, phee, likundiyang'ana. Ndinayamba kudana nalo. Ndinkapemphera chamumtima kuti Mulungu alikankhe pang'ono, Loweruka lokha basi.

Loweruka linafika lotentha modabwitsa. Kutchalitchi azimayi ankadzikupiza ndi mabuku a nyimbo, ndipo masana onse mpweya unali wolemera, masamba osagwedezeka. Cha m'ma seveni anamzeze anasowa mwadzidzidzi. Mtambo wakuda bii unatulukira kuseri kwa mafulati, mphepo inagwetsa mabini, ndipo matalala anayamba kumenya pawindo ngati wina akuponya chimanga. Kunada moti magetsi a mumsewu anayaka okha. Pemphero langa linali litayankhidwa, ndipo linayankhidwa ndi mabingu omwe.

"Amayi, kwada! Magetsi ayaka! Valani yunifolomu, basi muipeza!" ndinakuwa ndikuthamangira m'chipinda.

Amayi anatuluka n'kukaima pakhomo la khonde, mvula ikuwathira kumapazi. Anayang'ana kumadzulo nthawi yaitali. Yunifolomu yawo inali itapachikidwa kuseri kwa chitseko, yositidwa Lachisanu, ndipo ndinaona dzanja lawo likuigwira pamkono. Ankafuna kupita, ndinaziona ndi maso angawa. Kenako anaisiya.

"Mada, mdima uwu ndi wa mvula," anatero motsitsa mawu. "Dzuwa lili kuseriko."

Ndinalira. Ndinawayankha m'Chingerezi, monga ndinkachitira ndikapsa mtima, kuti palibe amene adziwe, kuti bambo sadzabweranso chifukwa cha iwo. Tsiku lina ndikanalandira khofi patsaya. Tsiku limenelo anangondikokera pachifuwa pawo, ndipo ndinamva mtima wawo ukugunda mofulumira kuposa wanga.

Sipanatenge nthawi, mvula inakata. Dzuwa linasuzumira pansi pa mtambo, ndipo Tottenham yense anasanduka wagolide: makoma a njerwa, mabasi onyowa, ngakhale mabini ogwa aja. Kum'mawa, kumbali ya dambo lina, kunaima utawaleza wathunthu, wina wofooka pamwamba pake. Msewu unkafuka nthunzi, nkhono zinatuluka kudzayenda pakhoma, ndipo anamzeze anabwerera m'munsi kwambiri, akudutsa pafupi ndi nkhope yanga mpaka kumva mphepo ya mapiko awo. Sindinaonepo madzulo okongola ngati amenewo, ndipo sindinakwiyirepo chinthu chokongola ngati mmene ndinakwiyira tsiku limenelo. Eyiti koloko inadutsa dzuwa likadali pamwamba pa madenga. Foni ya amayi inali patebulo, ndipo tonse tinkaiyang'ana chakuba. Sinalire.

Dzuwa litalowa, naini itadutsa kale, tinatseka Sabata ndi ndime imodzi yokha ya nyimbo. Amayi anavala mofulumira n'kukagogoda kwa Anti Patuma kuti andisiye. Kunali zii. Anagogodanso, anaimba foni, osayankhidwa. Panalibe kuchitira mwina koma kunditenga. Tinakhala m'mwamba mwa basi, kutsogolo, thambo likadali lowala mobiriwira, anthu akumwa mowa panja pa mabala ngati ndi masana. Njira yonse amayi ankapemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera.

M'nyumba ya okalamba munkanunkha sopo ndi supu. Tinakwera masitepe, amayi akundikoka dzanja, ndipo m'chipinda choyamba chotsegula tinapeza Anti Patuma. Anali akadali mu yunifolomu, atawerama, akupaka mafuta mapazi a gogo wina wachizungu amene ankawodzera. Milomo yawo inali yoyera, yong'aluka. Pawindo panali kapu ya pulasitiki yopanda kanthu ndi theka la bisiketi. Uko ndiko kunali kumasula kwawo kwa tsiku limenelo, futali ali kunyumba m'poto.

"Achemwali, mukadali pano?" anafunsa amayi.

"Ndawauza a manijala kuti Loweruka shifiti yanga izitha teni, yanu iziyamba teni. Avomera, nkhani yatha."

"Koma inu chiyambire m'bandakucha, ngakhale madzi..."

"Iii, amake Mada, musandichedwetse," anatero Anti Patuma akupukuta manja. "Dzuwa limene mumadikira inu pakhonde ndi lomwelo ndimadikira ine. Lero ndangolidikirira kuno basi. Fulumirani, bambo a mu rumu yakumapeto akufuna kutembenuzidwa."

Amayi anangopinda mawondo pang'ono n'kuomba m'manja mwakachetechete, monga amachitira kwa akuluakulu kumudzi. Anti Patuma anawakankha paphewa, akuti asiye zachimidzi m'nyumba ya azungu, koma maso a onse awiri anali atadzaza misozi.

Ndinabwerera kunyumba ndi Anti Patuma. Titatsika basi tinadzera njira ya m'mbali mwa njanji, yonunkha dothi lonyowa ndi maluwa a m'mipanda. Kumpoto thambo linali likadali lotuwa, losafuna kuzima. Anti ankayenda pang'onopang'ono kwambiri, iwo amene masiku onse ndinkachita kuwathamangira. Pafupi ndi mpanda anaima n'kundigwira paphewa.

"Taima kaye, tione anzako," anatero.

Nkhandwe ya khutu long'ambika inali pakapinga, ndipo sinali yokha. Inali ndi ana awiri, amiyendo italiitali, akulimbirana nsapato yakale ya munthu. Ankagwetsana, kudumphana, kubisalirana kuseri kwa tayala, mayi wawo atakhala pambali akutiyang'ana mopanda mantha. Tinaima pamenepo nthawi yaitali. Dzanja la Anti linali lolemera paphewa panga ndipo linkanjenjemera, ine n'kumaganiza kuti nawonso asangalala ngati ine. Ndinali wokondwa kwambiri. Ntchito ya amayi inali itapulumuka, bambo adzabwera, ndipo ndinali nditapeza munthu wamkulu mmodzi wokonda nkhandwe.

Anti Patuma anapitiriza kutsalira kuntchito mpaka teni Loweruka lililonse mpaka dzuwa linayambanso kulowa nthawi yabwino. Amayi ankaphikiratu Lachisanu n'kuwanyamulira chakudya m'kontena, ndipo tsiku la Idi anawagwirira shifiti yonse. Bambo anafika chaka chotsatira, m'nyengo yozizira, n'kudabwa kuti kuno kumada msanga bwanji. Ife tinangoyang'anana.

Kwa zaka zambiri ndinkauza anzanga kuti Anti Patuma ndi munthu wokonda nyama, moti atatopa chotero anaima panjira kuti ine ndione ana a nkhandwe. Panopa nanenso ndimavala yunifolomu. Ndaimapo tsiku lathunthu m'wodi, nditadya bwino, botolo la madzi lili m'thumba, ndipo ndikudziwa mmene mawondo amachitira munthu akatsika basi. Mwina nkhandwezo anazikondadi, sindinawafunse. Koma usiku umenewo miyendo yawo inali itakana, ndipo chinthu chokhacho chimene chinali pafupi choti atsamire chinali phewa langa.