Dzina lomwe analiwonjezera pansi pa chala changa

Ine sukulu ndinalekeza giredi thu, zilembo zanga zimayenda chammbali ngati nkhanu, koma ndilembabe. Ndine munthu wa nthungululu ine. Pa ukwati ndine, pa chinamwali ndine, ngakhale pamjigo pakamwa panga sipakhala chete. Ndiye kumudzi kwathu kufupi ndi Nsefu titamva kuti anzathu a ku Kawaza akulandira alendo achizungu ogona m'maloji a kumalo osungira nyama, woyamba kunena kuti nafenso tiyambe ndinali ine.

Tinapanga komiti. Alembi ake anali aphunzitsi ochokera kumigodi, munthu waulemu, wa Chinyanja chokhota. Anabwera ndi pepala n'kundiwerengera: loji imodzi yokha, Loweruka lokha, alendo adzaona kusinja ndi kuvina, ndipo wovomera apake mwala laimu auike pakhomo kuti wotsogolera alendo adziwe. Ndinadinda chala ndikuimba. Mwalawo ndinakausankha ndekha kumtsinje, ndinaupaka kawiri, mbee!

Chaka chimenecho chinakoma, ee, chinakoma. Wotsogolera wa loji ija anali wa m'chigwa mommuno. Ankaima pamwala n'kunena odi, ndikayankha ndiye alowa. Azungu ankamenya mtondo m'mbali, chimanga bwaa pansi, ine kuseka mpaka misozi.

Chaka chotsatira mvula itatha, mwana wanga wamkazi wachiwiri anabwerera kuchokera ku Chipata. Anatsika minibasi ku Jumbe, mlongo wake n'kukamutenga panjinga atamumangirira kumsana ndi chitenje kuti asagwe. Mwana ameneyu anali wonyada, wa mafuta onunkhira, wowongola tsitsi ndi chipeso chamoto. Anafika tsitsi litayoyoka, zilonda m'milomo, mikono ngati bango.

"Amama, munthu asandione. Ngakhale a kutchalitchi. Azindikumbukira mmene ndinalili pa Khirisimasi."

"Iwe, ukadawaposabe amako kukongola."

"Bodza, amama. Lonjezani."

Ndinalonjeza. Loweruka ndinkamutsekera m'nyumba, alendo n'kuthera pabwalo. Masiku enawo ndinkamunyamula m'mawa, wopepuka ngati mtolo wa udzu, n'kumugoneka pamphasa kuseri kwa mpanda kuti aothe dzuwa. Dzuwalo ankalikonda. Ndikamuimbira ankaseka, ati, "Amama, mukuthawitsa nkhuku."

Lachiwiri lina ndinamusiya pomwepo, ndinapita kudimba kukathyola ndiwo. Pobwerera cha m'ma teni koloko ndinapeza galimoto yachilendo, yobiriwira. Pabwalo panalibe munthu. Mawu ankachokera kuseri kwa mpanda.

Azungu faifi ndi wotsogolera yemwe sindinamuonepo. Mwana wanga anali atayesa kukwawira kukhomo, chitenje n'kutsalira pamphasa. Anali atabisa nkhope m'manja, nthiti zonse pamtunda. Mayi mmodzi wachizungu ankalira, kamera ili pachifuwa.

"Mwadzuka bwanji, amama," anatero wotsogolerayo.

"Wakulowetsani ndani?"

"Mwala, amama. Nyumba yanu ili papepala lathu."

"Ajambula?"

"Zithunzi ziwiri zokha. Akuti akaonetsa kwawo kuti anthu amve chisoni, athandize."

Ine wa pakamwa posatseka, ndinangovula duku n'kumuphimba nalo mwana wanga kumaso.

Masana ndinapita kwa aphunzitsi aja. Anatulutsa pepala lomwe lija. Chala changa chinali pomwepo, koma pansi pake panali mizere itatu yatsopano, ya cholembera china. Anandiwerengera: kampani ina ya m'tauni, yobweretsa alendo tsiku lililonse, ndipo ndi yololedwa kujambula.

"Tinalikonzanso pepalali poyamba chaka, amama. Tinati tisavutitse anthu kudindanso. Ndi zabwino zomwezo, alendo achuluke."

"Aphunzitsi, tsiku lomwe munkalemba mizere iyi, chala changa munachifunsa?"

"Koma wosafuna amachotsa mwala, amama."

"Ndichotse chifukwa chiyani? Ine ndimadziwa Loweruka. Lachiwiri munandiuza liti?"

Anavula magalasi, n'kukhala akuwapukuta ndi malaya nthawi yaitali. Sanali munthu woipa, ayi. Analemba kalata kukampaniko kupempha zithunzizo, analembanso ina. Yankho silinabwere. Mpaka lero sindidziwa kuti nthiti za mwana wanga zili pakhoma la yani.

Mwana wangayo sanandikalipire. Bola akanandikalipira! Anangopempha kuti nditseke zenera ndi thumba. M'mawa ndikabwera kuti ndimunyamule, ankapukusa mutu.

"Mwala ndataya, mwana wanga. Ndautaya m'madzi, phuu! Tiye padzuwa."

"Ndili bwino muno."

Ndinayesa kumuimbira pang'onopang'ono, kanyimbo kamene ndinkamutonthozera ali kumsana. Anandigwira dzanja.

"Lekani, amama. Alendo aja angamve, n'kubwera."

Ndinaleka. Milungu itatu m'nyumba mwanga munali zii, ndipo anamwalira mumdimamo anthu ali kuminda kutola thonje.

Kwathu kuno bokosi silitsekedwa mpaka abale onse ataona nkhope. Ine ndinamusambitsa ndekha, ndinamudzoza mafuta ake onunkhira omwe anatsala m'botolo, ndipo ndinauza mlongo wake akhomerere misomali anthu asanasonkhane. Azakhali ake, alongo a malemu mwamuna wanga, anafika kuchokera ku Jumbe mapazi ali fumbi lokhalokha.

"Mulamu, tsegulani. Tayenda mtunda wonsewu, tione mwana wathu."

"Munamuona pa Khirisimasi."

"Mukubisa chiyani? Mwana si wanu nokha uyu!"

Zoona, sanali wanga ndekha, ndipo kulira kwawo kunali kwenikweni. Ena anayamba kunong'ona kuti mwina pali zaufiti, mmodzi anatuma munthu kukafuna hamala. Apo ndinanyamuka n'kukhala pamwamba pa bokosi, miyendo lende, nkhalamba ine, anthu onse akundiyang'ana. Anandinyengerera, ananditukwana, azakhaliwo anachoka osadya ndipo sanapondenso pakhomo panga. Ine ndinakhala pomwepo mpaka amuna anabwera kudzanyamula.