Esitele ndi Bowa wa pa Chitsa

Ine Kefasi ndinapitako ku China pa njinga. Ndinanyamuka ku Mkanda m'mamawa, nkhomaliro ndinakadyera komweko, pobwera ndinakweza Mtchaina pa kaliyala. Chabwino, ndanama. Kutali kumene ndinafikako ndi ku Chipata, tcheni chinadukanso pa Mwami. Koma za Esitele, mwana wa mlongo wanga, sindinama kwambiri.

Esitele anabadwa ndi mphuno ya bowa. Mvula ikangogwa ankanunkhiza utale uli tsidya la malire. Zaka makumi awiri akuzula ndi kugulitsa bowa m'mbali mwa msewu, sanadyetsepo munthu bowa wakupha. Amayi anzake ankabwera ndi malichero kuti awasankhire, iye kungoponyapo diso: "Uyu tayani."

Mu 2003 mwamuna wake Rodrick anayamba kutha. Munthu amene ankanyamula thumba la mtedza ndi chala chimodzi anafika poti lamba ankamuzungulira kawiri. Kuchipatala anamupatsa mapilitsi n'kumubweza kunyumba.

Tsiku lina Ismaili, wa golosale pa boda, anaonetsa Esitele paketi yopanda kanthu imene dalaivala wina anasiya. Panali zilembo za Chitchaina ndi chithunzi cha bowa wofiirira, wonyezimira ngati wapakidwa polishi.

"Akuti kwawoko amawiritsa, amabwezera mphamvu," anatero Ismaili. "Ine si dokotala, mayi, ndangomva."

Esitele anamuona ngati bowa uja wolimba ngati thabwa, womera pa zitsa zowola, amene ngakhale mbuzi siyang'anako. Anakatema mmodzi pa chitsa n'kubwera naye kwa ine.

"Amalume, inu munayenda. Ndi yemweyu?"

Mayi wodziwa bowa aliyense m'tchire, kufunsa ine amene sindisiyanitsa bowa ndi chipewa! Ndinati ndi yemweyo ndithu, Atchaina akamumwa amakhala ndi moyo zaka mazana atatu.

Anamutema ndi nkhwangwa, kusinja, kuwiritsa. Anamwa yekha masiku atatu kaye kuti aone ngati afe. Sanafe. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ankandisiyira wodwalayo ndi kapu yodzaza, iye n'kupita kukasaka zitsa. Kuwawa kwake, anthuni, ntchentche ikatera pa kapupo inkathamangira kutchalitchi kukalapa.

Sabata yachitatu Rodrick analeka kumeza. Ndikamumwetsa, madziwo ankangotsetsereka pachibwano. Koma Esitele akamalowa pakhomo, maso ake ankayambira pa kapu. Ndiye ndinkangotsinzina n'kumwa ndekha.

Lachinayi lina Esitele anabwera ali matope mpaka m'maondo, chikwanje m'manja.

"Amwa?"

"Amwa zonse! Pang'ono atafune ndi kapu yomwe. Akuti mawa akapalira fodya."

Esitele anagwada pamphasa n'kukhudza milomo ya mwamuna wake ndi chala. Inali youma gwa, yong'ambikang'ambika. Anatembenuka n'kuyang'ana ndevu zanga, zikudontha.

"Amalume," anatero motsitsa mawu kuti wodwala asamve, "mwayamba liti kumwa inuyo?"