Jeke Yotsika Yokha ndi Mtondo wa Azakhali

Amene amandidziwa akangoona kuti nkhaniyi yachokera kwa ine ayamba kale kupukusa mitu, chifukwa kwathu ine ndikanena kuti kunja kwacha anthu amayamba atuluka kaye kukaona okha. Koma iyi yokha ndi yoona, ndipo ndikuilemba ukali usanathe ngakhale papita zaka. Sinditchula dzina la munthu, osati chifukwa chowamvera chisoni ayi, koma mayi anga amawerenga.

Zinachitika ndili Folomu 2, pamene kusukulu anandipatsa tchuthi changachanga chifukwa cha nanzikambe amene anapezeka m'bokosi la choko la aphunzitsi a masamu, ngati kuti nanzikambe sangakonde masamu payekha. Mayi anati atopa nane, basi n'kunditumiza kwa malume ku Tsangano kuti akandiwongole. Malume amenewa anakhalitsa ku Joni, ndipo chooneka ndi maso chimene anabwera nacho ndi galimoto, zazikulu zija zokoka ndi matayala onse anayi, imene amatutira mbatata ya kachewere kuchokera kumadimba. Galimoto imeneyo amaipukuta m'mawa iwo asanasukusule n'komwe, ndipo ana awo obereka okha saloledwa kuitsamira.

Tsiku lina kagetsi kofiira kooneka ngati kaketulo kanayamba kuyaka, injini n'kumagogoda ngati muli munthu akukhoma misomali m'kati. Malume anaitana makaniko wa pamsika, bambo wamimba yake yabwino, amene anamvetsera n'kunena kuti pampu ya oyilo yafa ndipo akaiyendetsanso injini iuma n'kugwirana. Pampu ina inabwera pa minibasi, ntchito n'kukhala ya pabwalo pomwepo pa malume.

Kwa inu amene simunalowepo kunsi kwa galimoto, ndipo musalowe, pampu imeneyi simungaifike musanachotse sampu, chibeseni chachitsulo chimene chimakhala pansi pa injini, m'mene oyilo amadikhamo. Pa galimoto ya malume zitsulo za matayala akutsogolo zimadutsa pansi penipeni pa sampuyo, ndiye panafunika kuikweza kutsogolo ndi kuchotsa tayala limodzi. Dzenje lolowamo panalibe. Panali jeke ya makaniko, zamafuta zija zooneka ngati botolo, ndipo mwini wake anawauza malume kuti jekeyo ili ndi khalidwe lake, ikatopa imatsika yokha pang'onopang'ono, choncho pafunika chinthu cholimba choti galimoto ikhalepo ikatero. Njerwa anati zimaphwanyika. Malume anayang'ana uku ndi uku, maso n'kugwera pa mtondo wamfupi wosinjira mtedza wa akazi awo, omwe ife timangoti azakhali, amene anali atapita kudimba. Anaugubuduza n'kuuimika pambali pa jeke, pakati pa mtondo ndi galimoto patatsala kampata kongolowa chala. Zonsezi ine ndinazimva pambuyo pake. Palibe anandiuza kuti mtondowo ukutani pamenepo, poti mwana amauzidwa chiyani?

Ine nthawi imeneyo ndinali pa ntchito yanga. Ndinali nditatola lamba wakale wa injini, wakuda, wothetheka mbali imodzi, ndipo makaniko ali chagada kunsi kuja, atachotsa kale oyilo, sampu ndi pampu yakufayo, ndinamukokera lambayo pang'onopang'ono pa mwendo wawo n'kunong'ona kuti asagwedezeke, pali njoka. Munthu wamkulu anadzuka ngati ali pabedi, chipumi n'kukumana ndi chitsulo, ndipo mawu amene anatuluka kunsi kuja sindingawalembe pano. Mpaka lero ndikakumbukira ndimaseka, ndipo amene akufuna kuti ndipepese adikira kwambiri.

Makaniko anatuluka chipumi chitatupa n'kulumbira kuti salowanso, ntchito yotsalayo alowe mwana wa njokayu. Malume anavomera msangamsanga, anati poti mphwanga umakonda zokwawa, kwawa. Ntchito yake inali yopala gasiketi yakale imene inakakamira m'mphepete mwa injini, kuti sampu ikabwerera isadonthe. Anandipatsa mpeni wobuntha, ine n'kulowa chagada mpaka mutu unafika pansi penipeni pa injini. Iwo ananyamula sampu yoti akatsuke ndi chogwirira cha jeke, chimene anati akawongolere popindika, n'kupita kuseri kwa nyumba kumene kunali kadzuwa, poti kuzizira kwa ku Tsangano mukukudziwa.

Ndili m'kati mopala ndinaona mapazi a azakhali atavala patapata akubwera, n'kuima. Anayamba kuyankhula okha, kuti chibadwire chawo sanaonepo zotere, mtondo saukhalira ngakhale mwana wakhanda, lero akhalikepo chigalimoto chamatope, anthu adye chiyani, ndiye kuti amuna a pakhomo pano nzeru anazisiya ku Joni. Anaupendeketsa, n'kuukoka, n'kumapita nawo. Ine ndinangoluma mlomo kuti ndisaseke, mumtima ndikuti lero malume aona zakuda, ndipo ndinapitiriza kupala kuti mkangano ukamayamba ndikhale nditamaliza.

Choyamba chimene ndinazindikira n'chakuti chigongono changa chinasiya kupeza malo. Ndinaganiza kuti ndasuntha ndine. Kenaka chitsulo chopingasa chija, chimene polowa chinali patali ndithu ndi chifuwa, ndinachimva chikukhudza mabatani a malaya. Ndinaleka kupala n'kumvetsera, ndipo ndinamva kaphokoso kakang'ono kochokera ku jeke, ngati munthu akupumira m'mano. Ndinayesa kutsetsereka chammbuyo, lamba wa thalauza n'kukola. Ndinayesa cham'mbali, koma mbali imene inalibe tayala inali itatsika kale moti ngakhale galu sakanadutsa. Mutu wokha ndi umene unali ndi malo, chifukwa unali m'phanga limene sampu inasiya, ndipo ndikayang'ana m'mwamba ndinkaona matumbo onse a injini, akuda, akundidonthezera oyilo m'maso ndi m'khutu. Sampu ija ikanakhala pamalo pake, bwenzi mukuwerenga nkhani ya munthu wina.

Ndinakuwa kuti malume, galimoto ikutsika, ndithandizeni. Mukudziwa chimene ndinamva? Kuseka. Malume anauza makaniko kuti amve, wayambapo. Makaniko anakuwa ali komweko kuti ndiuze njoka yanga indinyamulire. Ndinakuwanso, ndinalumbira pali mayi anga, ndinatchula ndi Mulungu yemwe, malume n'kuyankha kuti ndikatuluka gasiketi isanathe ndigona ndi njala. Ndipo kukhitchini kunayamba kumveka musi, thi, thi, thi, azakhali akusinja mtedza wawo mwamtendere mu mtondo womwe uja.

Chimene anthu sadziwa n'chakuti chitsulo chikakhala pachifuwa, kukuwa kuli ndi mtengo wake. Ukatulutsa mpweya chifuwa chimaphwa, chitsulo n'kutenga malowo, ndipo sichibweza. Kukuwa kulikonse kunkandichepetsa. Ndinayamba kupuma timpweya tating'onoting'ono ngati nkhuku yogwidwa pakhosi, miyendo ikupalasa fumbi payokha, kenaka cham'nthiti kumanzere china chake chinalira ngati kuthyola kamtengo kouma, moto n'kuyaka mbali yonseyo. M'maso munayamba kuchita mdima cham'mbali. Ndinaganiza za mayi akuuzidwa kuti mwana wanu amasewera ndi jeke, poti ndinadziwa kuti adzanena zimenezo, ndipo mantha aja anasanduka ukali. Ndife anthu angati pakhomo pano, onse ali ndi makutu, ine n'kufa ngati khoswe pa msampha anthu akutsuka chibeseni?

Ndinadziwa kuti mpweya wokuwira wanditsalira kamodzi, ndipo choonadi ndinali nditachiyesa kale. Ndiye ndinakuwa bodza. Ndinati malume, pepani, ndathyola chitsulo cha m'kati mwa injini, ndipo mchenga walowamo.

Abale, munthu wamkulu amathamanga. Sampu inagwa kuseri kuja, mapazi n'kumveka ngati ng'ombe zatuluka m'khola, malume akutukwana m'zilankhulo zonse zimene anaphunzira ku Joni, akuti lero andisenda. Anagwira mwendo wanga kuti andikokere kunja akandimenye bwino, mwendo n'kukana. Anakokanso. Kenaka ndinaona nkhope yawo itasuzumira, ikuyang'ana pamene panali mtondo. Anaitana makaniko ndi mawu amene sindinawamvepo, ang'ono ngati a mwana. Chogwirira cha jeke chinali chitatsala kuseri, ndiye makaniko anangolowetsa sikuludiraiva n'kuyamba kupopa, malume atalowetsa phewa pamene panachoka tayala, akubuula. Chitsulo chinanyamuka pang'ono, mpweya n'kulowa ngati mpeni, ndipo amene anandikoka miyendo mpaka pabwalo ndi azakhali, manja ali nsinjiro zokhazokha.

Ndinagona pafumbi ndikutsokomola, nkhope yonse oyilo, anthu oyandikana nawo atayamba kudzadza. Malume anagwada pambali panga, akupuma mwawefuwefu, ndipo ndinaganiza kuti mwina munthuyu apepesa. Anandiyandikira kukhutu n'kufunsa chapansipansi kuti chitsulo chimene ndathyolacho ndi chiti. Ndikanakhala ndi mpweya tsiku limenelo, bwenzi pano ndilibe malume.

Kuchipatala anandinyamulira pa njinga yamoto, ndipo malume anauza adokotala kuti ndagwa mu mtengo wa mapichesi. Anapeza kuti nthiti yang'aluka. Titabwerera, mlandu unakambidwa pakhonde ine nditagona pamphasa ngati mtembo womvetsera. Azakhali anati iwo sanalakwe, mtondo ndi wa chakudya, ndipo amene anaukhalika pansi pa galimoto osapempha ndi amene anaitana tsoka. Makaniko anati iwo ananeneratu za jeke yawo. Malume anati iwo anaikapo chotchinjiriza, wochotsa ndi wina. Atazungulira choncho onse anagwirizana bwinobwino kuti wolakwa ndine, chifukwa pakanapanda za lamba zija kunsi kuja kukanakhala makaniko. Ndinafunsa, mawu akutuluka pang'onopang'ono, kuti ndi mimba imeneyo akanatuluka bwanji, ndipo ngati pali munthu woyenera kundigulira fanta si iwowo? Palibe anaseka kupatula mwana wamng'ono wa malume, amene anamuthamangitsira m'nyumba.

Pampu anaimanga m'mawa mwake, galimoto itakhala pa zitsa za bulugamu zimene anakadula mwadala, zimene zikusonyeza kuti mitengo inalipo kuyambira kale, chimene chinasowa ndi munthu woti aiganizire. Sampu anabwezera, oyilo watsopano anathira, kagetsi kanazima, ndipo malume anazungulira nayo pamsika akuimba hutala. Pamene ndinapala ine paja sipadontha mpaka lero, koma zikomo sindinamumve.

Azimayi ena a kumpingo kwa azakhali amati chinandipanikiza ndi mwambo, kuti mtondo ukanyozedwa umabwezera. Mayi anga amati Mulungu amandilanga kuti ndisiye zibwana. Ine ndimakhulupirira kuti jeke inali yotha, akuluakulu atatu anali ndi pakamwa koma sanauzane zokwanira, ndipo ndili moyo chifukwa ndimadziwa kunama msanga. Ndiye zoti ndisinthe khalidwe muiwale, luso limene linanditulutsa kunsi kwa galimoto sindingalitaye chifukwa chakuti likuwasowetsa mtendere aphunzitsi.

Kwa anzanga amene mumatumidwa kulowa kunsi kwa magalimoto chifukwa ndinu ochepa thupi, kanani ngati yakhala pa jeke yokha, akutumeni ndi malume kapena abusa. Ngati aikapo chotchinjiriza, chigwedezeni nokha, ndipo funsani kuti mwini wake ndani komanso akuchifuna nthawi yanji. Koma zikakuvutani muli kale m'kati, musataye mpweya ndi kunena kuti mukufa. Kuwani kuti mwawononga katundu.