Chule wa Pamimba Pofiira

Chitini chija chinali cha majarini. Chivindikiro chake amalume anachiboola ndi msomali kuti cholowamo chizipuma. Ndinayenda nacho chilimwe chonse cha chaka chimene sukulu inakhala yaulere.

Bambo anali atabwerako ku chipatala cha ku Lisungwi pa njinga ya amalume, atawamangirira ndi chitenje kuti asagwe. Akuti adokotala anawauza kuti akapumire kunyumba. Kuyambira pamenepo anzanga anasiya kufika pakhomo pathu. Amayi awo ankawaitana asanadutse n'komwe mtengo wa manachesi. Ine ndikaweruka ndinkangokhala pakhomo pa chipinda, kumvetsera chifuwa cha bambo.

Tsiku lina amayi anandipatsa chitinicho. "Ku akasupe a kuphiri kuli chule wa pamimba pofiira. Ukam'peze, ndi wa bambo ako." Sananene kuti ndi mankhwala ayi. Zimenezo ndinadzimalizira ndekha.

Ndiye ndinkakwera, kudutsa minda ya mbatatesi, mpaka kumene madzi amachucha m'thanthwe. Kunali zii. Madzi ake oluma zala, ndere zoterera, fungo la masamba owola. Ndinkagubuduza miyala umodziumodzi, nkhanu n'kundipana, ambululu n'kubalalika. Nthawi zina kumunsi kunkadutsa lole ya achipani, anthu akuimba, koma nyimbo inkafika kumtundako itatheratu mphamvu. Chule aliyense ndinkam'tembenuza chagada. Pamimba poyera, poyera, poyera basi. Ndinkayankhula nawo, eti, poti kunalibenso wina.

Madzulo amayi ankasuzumira m'chitini modekha. "Si ameneyu. Mawa ukayese kasupe wa kuseri."

Panopa, mwana wanga ali kumsana, ndimatha kuuyeza mtunda uja. Unali wongokwanira kuti ndizibwera atamaliza kuwasambitsa bambo, zofunda zitachapidwa, zitauma. Sindikudziwa ngati ine ndikanapeza nzeru yoposa pamenepo.

Mitambo itayamba kusonkhana, tsiku lina ndinatsika ndi kachule kotuwa, kowonda, kofanana ndi onse amene anakanidwa kale. Ndinkachita nako manyazi. Pofika ndinapeza amalume akuyala masamba aawisi panjira, mabenchi a kutchalitchi ali pabwalo. Amayi a anzanga aja, amene anali atasiya kuponda pathu, anali atadzaza pakhonde.

Amayi anatuluka, maso ali psuu. Anagwada, kulandira chitini ndi manja awiri, osatsegula n'komwe.

"Ndi yemweyu, mwanangu. Wam'peza. Ntchito yako yatha."

Ndinafuna kuthamangira kuchipinda kuti bambo amuone, koma amalume anandigwira paphewa. Ndinayang'ana anthu onsewo, ndikudabwa kuti mwa akuluakulu ochuluka chonchi palibe amene akuona kuti pakulakwika. Ndinakoka amayi chitenje.

"Amayi, simunamuone bwino. M'tembenuzeni kaye. Ndibwerere kukadali kowala?"